Mankhwalawo asasiye poti ayamba kuseka

Domasi, Zomba

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Chinamwali kumeneko. Kuno tilipo. Uthenga wako ndaumva, woti bambo a ana ayamba kudya, tulo akupeza, ku ntchito abwerera. Tithokoze Mulungu. Koma wati mapiritsi a matenda awo a kukhumudwa amene atsalawo akatha sapitanso kukatenga ena, ndipo mawu amenewo ndi amene andipangitsa kukulembera.

Matenda a kukhumudwa sali ngati malungo, oti wamwa LA masiku atatu basi zatha. Amapita n'kubwerera. Mwa anthu amene adwala kamodzi, pafupifupi theka amadzadwalanso, ndipo wodwala kawiri kapena katatu ndiye sachedwa kugwidwanso. Chimene chimawabweza msanga ndi kusiya mankhwala mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene munthu wayamba kuseka ndipo achibale akuti wachira. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu apitirize kumwa miyezi 9 mpaka 12 kuchokera pamene zizindikiro zatha, osati kuchokera tsiku limene anayamba kumwa. Ngati aka si koyamba kudwala, adokotala angathe kunena zaka 2 kapena kuposerapo.

Wati akumwa amitriptyline. Ameneyu azimwa usiku pogona chifukwa amagonetsa. Amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, ndipo munthu akadzuka mwadzidzidzi amamva chizungulire. Choncho m'mawa aziyamba akhala m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi, kenako aimirire. Madzi azimwa ambiri, masamba ndi papaya zisasowe pakhomo. Pali china chimene akamwini sangandiuze ine, mwinanso iwe amene: mankhwala a mtundu umenewu nthawi zina amachepetsa chilakolako cha kuchipinda, ndipo abambo ambiri amawasiya mwakachetechete chifukwa cha zimenezo. Akaona choncho akanene kwa adokotala, amene angathe kusintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala. Ulipo wina wotchedwa fluoxetine, womwa m'mawa, ngakhale nayenso ali ndi zovuta zake.

Mapiritsiwo uzisunga ndiwe, pamalo okhoma, kutali ndi ana. Amitriptyline akachuluka m'thupi amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amapha. Uzitulutsa a sabata imodzi yokha. Mankhwala a makoswe ndi opopera m'dimba nawonso asamangokhala pawindo.

Nthawi yosiya ikadzakwana, sasiya tsiku limodzi. Akuchipatala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa milungu 4 kapena kuposerapo. Wosiya mwadzidzidzi amamva nseru, mutu, maloto oopsa ndi kupsa mtima, ndipo anthu amati ndi umboni woti mankhwalawo amuwononga, pamene thupi langodzidzimuka. N'chifukwa chake muzipita kukatenga ena kukadatsala a sabata yathunthu, poti nthawi zina mankhwala amatha m'zipatala ndipo mungafunike kukayang'ana kwina. Kabuku ka kuchipatala kasamatsale. Dzina la mankhwala ndi mamiligalamu ake ulembenso papepala lako.

Matendawa akamabwerera sabwera ndi phokoso. Munthu amadzuka tambala asanalire, tulo osabweranso. Nsima amangoibenthula mbali imodzi n'kukankha mbale. Foni ikuitana, iye akungoiyang'ana. Bawo kapena mpira umene ankaukonda alibe nawo ntchito. Ena amadandaula mutu, msana ndi kuthamanga mtima, akayezetsa malungo osapezeka. Zikafika milungu 2 musadikire tsiku limene akuchipatala anakulemberani, pitani. Uyang'anenso mbali inayo: akayamba kugona maola awiri okha koma mphamvu zili tho, kulankhula osapumira, kumwaza ndalama, amenewo si machiritso ayi. Kwa anthu ena mankhwala a kukhumudwa amadzutsa matenda ena a maganizo, ndipo akuchipatala ayenera kudziwa tsiku lomwelo.

Mowa ndi chamba zimabweza munthu m'mbuyo, ngakhale anzawo atati botolo limodzi limachotsa maganizo. Diazepam, mankhwala ogonetsa, wogula mwamseri ndimadana naye kwambiri: amatonthoza nkhawa usiku umodzi, koma pakangopita milungu yochepa thupi limamuzolowera, kumusiya n'kukhala matenda ena. Chothandiza ndi kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, kuyenda pansi mphindi 30, ndi kukambirana ndi aphungu za ngongole kapena mikangano imene imawadya mumtima. Kupemphera pempherani ndithu, koma wina akati tayani mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, umuyankhe mwaulemu kuti ayi.

Bambo a ana akadzanena kuti kuli bwino kufa, kapena kuti ndi mtolo kwa iwe, usaseke ndipo usakalipe. Uwafunse maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, asakhale okha, ndipo mupite ku chipatala cha Zomba Central kapena cha Zomba Mental tsiku lomwelo. Dzina loti ku Mental lisakuopse. Ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo osagonekedwa.

Iwenso usasenze wekha. Uwauze alamu ako mmodzi wosunga chinsinsi kuti muzisinthana kuperekeza. Undidziwitse tsiku limene akuchipatala anawalembera, ndidzabwere kudzatsala ndi adzukulu anga.

Ndine mayi ako.