Afotokozereni mabwana za AI m'mawu omveka

Akonzi,

Ndimagwira ntchito ya makompyuta pakampani ina, ndipo chimandiwawa ndi momwe anzanga amafotokozera mabwana za AI, mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu. Amangowakhuthulira mawu aukatswiri, bwana n'kumagwedeza mutu koma osatolapo kanthu. Mawa lake asayina cheke chogulira chinthu chomwe sakuchidziwa.

Auzeni mwachindunji: pulogalamu ngati ChatGPT, yomwe kampani ya OpenAI idatulutsa mu Novembala 2022, idaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi, ndipo ntchito yake ndi kulosera mawu oyenera kubwera motsatira m'chiganizo. N'chifukwa chake imalemba kalata yabwino pakanthawi kochepa, komanso imatha kupeka nambala yabodza popanda kuphethira. Choncho lipoti la ndalama liziwunikidwabe ndi munthu, ndipo zinsinsi za makasitomala zisamaikidwemo mwachisawawa.

Ndine wowerenga wanu,
Wogwira ntchito ya makompyuta