Zomwe Ndabwera Nazo ku Msonkhano wa ku Tete

Amayi a mpando ndi makolo anzanga nonse a gulu lathu la ku Ulongwe, ndabwerako ku Tete komwe munandituma. Za kutentha tisanene. Ife ozolowera mphepo ya ku Angónia tinayamba kupukuta thukuta chapa, minibasi ija, isanawoloke n'komwe mlatho wa Samora Machel.

Nkhani inali ya anthu a autism pa ntchito, ija pa Chipwitikizi amati autismo, kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza momwe munthu amalankhulira ndi kukhalira ndi anzake. M'mawa wonse unathera pa malamulo. Anatikumbutsa kuti dziko lathu la Mozambique linavomereza mu 2012 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo ndime 27 imati nawonso ayenera kulembedwa ntchito, malo antchitowo n'kusinthidwa kuti awayenere. Anabwerezanso kuti autism si ufiti, sichokera ku katemera, ndipo munthu amakula nayo.

Koma amene anandigwira mtima ndi mnyamata wina wa ku Moatize, wokonza njinga zamoto. Anaimirira atagwira kapepala, maso ali pansi, n'kuwerenga pang'onopang'ono. Poyamba ankagwira pa chigayo, koma phokoso la injini linkamuwawa m'mutu mpaka ankathawira panja atatseka makutu. Anamuchotsa ati ndi waulesi. Kwina anamutcha wamwano chifukwa sapereka moni wautali. Pano bwana wake amamulembera ntchito za tsikulo pa katoni, imodzi imodzi, amamulola kuvala zotseka m'makutu, ndipo zikasintha amamuuziratu dzulo lake. Masipanala ake amawandandika motsata kukula, wina akasuntha imodzi amadziwa. Bwanayo anali pomwepo, ndipo anati njinga yokonzedwa ndi iyeyu sibwereranso.

Apa ndinaseka ndekha: kwathu kuno mwana wosayang'ana wamkulu m'maso timati ndi waulemu, koma m'maofesi a m'tauni akuti akubisa kanthu, ndipo ena ntchito imawaphonya pomwepo pa mafunso.

Chondidandaulitsa n'chakuti zokamba zambiri zinali za m'maofesi ndi m'migodi. Ndinaimika dzanja n'kufunsa za ana athu amene adzathere m'dimba la mbatatesi, pa telala kapena pa okala, makamaka osalankhula aja. Yankho logwira mtima sindinalimve.

Ndiye pempho langa n'lakuti tisadikire 2 Epulo, tsiku la autism pa dziko lonse. Tisankhe anthu awiri akacheze ndi amisiri a pa msika wathu, tione amene angalandire mwana mmodzi kwa miyezi ingapo. Malisiti a chapa ndi malo ogona ndasiya kwa asungichuma.