Kalata kwa mwana wanga ku Namwera

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, kungoti mwendo wa mayi ako uja sunasiye. Ine tulo sindikutiona. Akuti iwe ndi mnzako wa njinga yamoto uja mukugula chimanga cha haibulidi chimene anthu akolola, n'kuchipaka utoto, n'kumachigulitsa ngati mbewu. Ndiuze kuti ndi bodza.

Waiwala chaka chija ndinaumira ndalama n'kubzala haibulidi wa m'nkhokwe? Unalipo, unkandinyamulira thobwa. Phesi ili lalitali, ili lolekeza m'chiuno, zitsononkho zina ngati chala chako. Mayi ako anandinena mpaka mvula inanso. Feteleza ndinathira, mvula inagwa, vuto linali mbewu. Haibulidi amachokera kwa makolo awiri osankhidwa. Ana oyamba amafanana onse ndipo amakhala amphamvu, koma zidzukulu zimabalalika, chifukwa mbewu imatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo chobisika mwa makolo chimadzatulukira.

Ndinkaphunzitsa zimenezi iwe ukuwodzera kumbuyo kwa kalasi. Gregor Mendel, wansembe wa mumzinda wa Brno ku Ulaya, anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi. Ana onse anatalika. Koma anawo atabereka, pafupifupi imodzi mwa zinayi zilizonse inatuluka yaifupi. Analengeza zimenezi mu 1865. Kufupikako kunangobisala.

Paja uli mwana unkatola njere zachikasu pa chimanga chathu choyera n'kumati ndi zamatsenga. Unali mungu wa m'munda wa aneba. Mphepo imautenga ku ngayaye n'kuugwetsa pa ndevu, ndipo ndevu iliyonse ili ndi njere yake. Ndiye m'thumba ukugulitsalo, bambo wa njere iliyonse ukum'dziwa? Utoto sulowa m'kati mwa njere, mwana wanga.

Wogulayo ndi mayi ngati mayi ako, mwina wagulitsa mbuzi. Adzazindikira mu Febuluwale, kubzalanso kutachedwa. Mnzakoyo adzakhala atathawira ku Joni, wodziwika nkhope udzakhala iwe. Mnyamata ameneyu sindinam'konde chiyambire tsiku la ukwati wako, ndinakuuza.

Ngati ndi ndalama, nena. Ndigulitsa matumba awiri, tiona pogwira. Ubwere Loweruka ndi mpongozi wanga, mayi ako akusungirani usipa wa ku Malindi. Mnzakoyo usabwere naye.

Ndine,
Bambo ako