Lipoti la ku msonkhano wa akatswiri a ntchito zothandiza mabanja

Amayi apampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la kuno ku Chawama,

Munandituma ndi funso limodzi. Otithandiza akuti tisanalandire thandizo lina, tipeze consultant woti aunike ntchito yathu yoyendera mabanja. Ndiye munati ndikaone kuti anthu amenewa ndi ndani, anaphunzira chiyani, ndipo woyenera ife tingamudziwe bwanji. Ku msonkhanowo ndinakhalako masiku onse awiri.

Ndiyambe ndi dzina lenilenilo. Womasulira ankawatchula kuti alangizi, moti amayi ena a ku Matero amene tinakhala benchi imodzi anayamba kuganiza kuti akunena alangizi a chinamwali ndi ukwati. Si amenewo ayi. Awa ndi anthu ophunzira amene boma, UNICEF, World Bank kapena mabungwe ang'onoang'ono amawalemba ntchito ya masiku owerengeka kapena miyezi ingapo, kuti akonze ndondomeko, aiunike, alembe lipoti, basi n'kumapita. Ine ndinkayesa kuti onse anatuluka sukulu imodzi. Ndinalakwitsa, ndipo ndinazindikira zimenezi tsiku lachiwiri m'mawa.

Otsogolera msonkhano anatiwerengera nkhani ya banja lina yongoyerekezera, koma mukanaimva mukanati ndi la pamzere wathu womwewu. Agogo aakazi akulera zidzukulu zinayi m'chipinda chimodzi cha lendi. Amagulitsa tomato ndi kapenta m'mbali mwa msewu. Mtsikana wamkulu wa zaka 15 wasiya sukulu ndipo pali bambo wina akufuna kumukwatira. Wamng'ono akutsokomola ndipo waonda. Nyumba imene mwana wawo womwalira anasiya inalandidwa ndi achibale. Kenako anafunsa akatswiri amene anakhala kutsogolo kuti aliyense anene chimene angayambe nacho.

Woyamba anali bambo wophunzira zachuma. Iye anathamangira ndalama: agogo amapeza zingati patsiku, lendi ndi zingati, kodi dzina lawo linalembedwa ndi a CWAC, komiti ya m'dera yoona za anthu ovutika, kuti azilandira Social Cash Transfer, ndalama zija boma limapatsa mabanja osauka? Anatikumbutsa kuti ndalama zimenezi zinayamba ngati zoyesera ku Kalomo mu 2003 mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, ndipo mmodzi wa amene anakonza ndondomekoyo anali consultant, Bernd Schubert. Yemweyo anakathandizanso kuyambitsa ya ku Mchinji mu 2006, imene abale athu a ku Malawi amaitcha Mtukula Pakhomo. Mu 2010 boma lathu la Zambia linayambitsa ndalama za mabanja a ana aang'ono ku Kalabo, Kaputa ndi Shang'ombo, ndipo ofufuza a American Institutes for Research atatsatira mabanjawo anapeza kuti ndalama zinkapita ku chakudya, zovala ndi ulimi, osati ku mowa monga ambiri ankaopera. Ndinaona kuti anthu a manambalawa si owapeputsa. Nduna ya zachuma imamva chilankhulo chawo.

Wachiwiri anali loya, mayi. Za tomato sanazikhudze n'komwe. Anagwira nyumba ija ndi mtsikana uja. Anati lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limagawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira womwalirayo. Choncho agogo aja ali ndi gawo lawolawo ngati kholo, zidzukulu zili ndi lalikulu, ndipo nkhani yolanda katundu ndi yopita nayo ku Victim Support Unit ya polisi. Za ukwati anati kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2023, ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka ngakhale utakhala wa mwambo. Amayi, ndi maliro angati amene takhala tikuphika nsima ku siwa, katundu akutuluka pakhomo, ife osadziwa magawo amenewa?

Wa zaumoyo, amene anayamba ngati nesi, anangofunsa za chifuwa: chatha masabata angati, khadi la sikelo lili kuti, mwana anayezedwa TB? Panalinso mnyamata wa ziwerengero amene ntchito yake ndi kukonza mafunso ndi kuwerengera zotsatira pa kompyuta. Iye ananena poyera kuti sangayankhe za banja limodzi, amayankha za mabanja ambiri pamodzi.

Womaliza ndi amene ndakhala ndikumuganizira mpaka lero. Ndi mayi wachikulire, social worker (wogwira ntchito yothandiza anthu ndi mabanja pa mavuto awo), wophunzira ku UNZA, yunivesite ya Zambia, amene anagwira zaka zambiri mu ofesi ya Social Welfare ya m'boma asanayambe kudziimira payekha. Anakhala kaye chete, kenako anafunsa kuti, "Mtsikanayo alipo amene wakhala naye pansi n'kumufunsa chimene akufuna? Nanga agogowo akadwala mawa, ana agona kwa yani? Akuchikazi ali kuti?" Anati ndalama zikhoza kubwera, nyumba ikhoza kubwezedwa, koma ngati agogo atopa mumtima ndipo alibe wowapepuza, mtsikanayo adzapitabe ku banja, chifukwa iye akuona ngati akuchepetsa pakamwa podya. M'holo munangoti zii.

Pa nthawi ya tiyi ndinamutsatira. Anandiuza kuti maphunziro a ntchito yake m'dziko muno anayambira ku Oppenheimer College of Social Service kuno ku Lusaka, sukulu imene pambuyo pake inalowa m'manja mwa UNZA pamalo a Ridgeway. Anandiuzanso chinthu chimene chingatithandize posankha: mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loti ma social worker azilembetsa ku Social Workers' Association of Zambia. Chaka chomwecho kunabwera Children's Code Act, imene inasonkhanitsa malamulo a ana pamodzi ndi kuletsa kulanga mwana pomumenya. Munthu wobwera kudzaunika ntchito ya ana koma lamuloli osalidziwa, ameneyo tisamulembe. Dzina loti consultant lokha aliyense atha kulisindikiza pa khadi.

Ndinaimika dzanja kamodzi kokha, ndipo ndinanena za zaka ziwiri zapitazo. Mukukumbuka achinyamata aja amene anabwera ndi matabuleti, ife n'kuwaperekeza khomo ndi khomo m'matope a dzinja? Pakhomo lina anafunsa agogo kuti mutu wa banja ndani. Agogo anatchula mwana wawo wamwamuna, amene tinamuika m'manda chaka chimenecho, poti pakamwa pawo panali pasanazolowere kunena kuti kulibe. Mnyamata uja analemba dzinalo, n'kudina, n'kupita pa funso lotsatira. Ine ndinamunong'oneza, iye anati makina salola kubwerera m'mbuyo. Lipoti litatuluka linali ndi dzina la munthu wa madigiri ambiri amene sanapondeko m'komboni muno. Ndikunena izi mawu anga ankanjenjemera, chifukwa agogo amenewo ndimawayendera ine.

Sanandikane. Bambo wa zachuma uja anavomera kuti nthawi zambiri amene CV yake imapambanitsa ntchito si amene amagogoda pazitseko. Anatilangiza kuti m'pangano tizilemba dzina la munthu amene adzafike yekha, ndi masiku amene adzakhale pakati pathu.

Maganizo anga ndi awa, komiti iwaone. Ntchito yathu ndi ya m'nyumba za anthu, choncho titsogoze social worker wolembetsedwa amene anagwirapo ntchito ndi mabanja maso ndi maso, wolankhula Chinyanja popanda womasulira. Za manambala zimene otithandiza akufuna, iye apeze womuthandiza. Pomufunsa tisathere pa mapepala a sukulu. Atiuze komboni kapena mudzi umene anagwirako komaliza, atipatse nambala ya gulu limene anagwira nalo kuti tiliimbire tokha, ndiponso timuwerengere nkhani ya agogo ija timve funso limene ayambe nalo. Poyenda m'makomo aziyenda ndi mmodzi wa ife, ndipo lipoti lisanapite kwa otithandiza adzatiwerengere pano m'chilankhulo chathu, kuti pamene palakwika tikonze.

Za malamulo a chuma cha masiye ndikupempha kuti tizipatse tsiku lakelake, tiitane ndi azibambo a m'mipingo yathu. Nambala ya 116 yothandiza ana, imene ndi yaulere, tiilembe pa chikuto cha kaundula aliyense wa oyendera mabanja.

Mapepala amene anatigawira ndawasiya kwa alembi. Ndalama ya minibasi imene inatsala, pamodzi ndi malisiti, ndipereka kwa asungichuma Loweruka tisanayambe chilimba.