Ndere zina ndi poizoni

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu yoti ndere zapadamu n'zosaopsa. Kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, mwezi wa Juni kukamazizira, m'damu mwathu mumakhala ndere wamba zobiriwira. Koma Okutobala akafika, madzi atatentha komanso atangoti zii, pamwamba pamayandama zina zonga penti, zonunkha. Izi ndi cyanobacteria, mtundu wa mabakiteriya ooneka ngati ndere. Zimakonda kutentha ndi fosforasi wochokera m'feteleza ndi ndowe, ndipo zikayandama zimatchinga dzuwa, ndere wamba n'kufa pansi. Zina zili ndi poizoni woti ngakhale muwiritse madzi sachoka. Ine thole langa linafa litamwa pomwepo.

Alangizi aletse madimba ndi makola m'mphepete mwenimweni mwa damu, tibzalemo udzu wa vetiva, ndipo ng'ombe zizimwera m'chomwera chapadera.

Mlimi wa ku Ulóngwe