Ukwati wa pa kapinga ngwabwino, koma paki si ya banja limodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa fashoni yabwerayi yopangira madyerero a ukwati panja, m'mapaki ndi m'magadeni a boma. Ine sindikudana nazo ayi, ndipotu ndimawamvetsa anawa, maholo a mtauni muno mitengo yake ndi yoboola mthumba ndiye ukaonjezera deko, keke, DJ ndi chakudya munthu umayamba banja uli kale ndi ngongole ya banki mkhonde. Komanso zithunzi za pa kapinga pansi pa mitengo zimatuluka bwino, zimenezo palibe angakane.

Vuto ndi loti makomiti ambiri akangomva kuti panja amaganiza kuti ndi zaulere. Ndakhalapo m'makomiti a maukwati a abale ndi a kutchalitchi, ndipo nkhani ikafika pa malo pamakhala wina wonena kuti aaa tingopita ku paki basi, bajeti ichepe. Amaiwala kuti holo ija imabwera ndi denga, mipando, magetsi, chimbudzi ndi mpanda. Ku paki zonsezi uyenera kubwera nazo wekha pa lole. Tenti ya hayala, mipando ya hayala, jenereta ndi mafuta ake, madzi akumwa, anyamata olondera galimoto, ukawonkhetsa bwinobwino pena zimafanana ndi holo yomwe umaithawa ija. Akulu anati walira mvula walira matope.

Choyamba chimene komiti ikuyenera kuchita ndi kupita ku ofesi ya eni malo kukapempha chilolezo, ndipo achilandire cholembedwa ndi risiti yomwe, osati kungogwirizana ndi mlonda pa geti kenako tsiku lenilenilo mukupeza gulu la mapemphero kapena ana a sukulu atakhala kale pomwe mumafuna kuika hai tebulo. Mapaki ena ndi a khonsolo ya mzinda, pomwe magadeni aku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu ali m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987. Gadeni yaku Zomba ija inayamba mu 1891 nthawi ya atsamunda, mitengo ina mmenemo ndi yakale kuposa agogo athu, nde wina abwere ndi hamala nkukhomerapo misomali kuti apachike nsalu ndi mabaluni a maola atatu okha? Mangani ndi chingwe, mukamaliza mumasule.

Afunseninso abusa kapena bambo mfumu musanasindikize makadi. Mipingo ina, monga Katolika, ukwati amadalitsira mtchalitchi, ku paki nkongopita kukajambulitsa ndi kukadya. Enanso amalola koma amafuna adziwiretu.

Ndiye pali nkhani ya nyengo, apa mpomwe anthu amagwa nayo kwambiri. Kuyambira Novembala mpaka Epulo aliyense akudziwa kuti ndi dzinja, koma mumapezabe anthu aika ukwati wa panja mu Disembala ati poti achibale aku Joni ndi ku UK amakhala abwera ku holide, basi kumangodalira mapemphero a amayi a mkwati kuti isagwe. Juni ndi Julaye kumazizira, ku Blantyre ndi ku Zomba chiperoni chimatha kungobwera osagogoda, operekeza mkwati atavala madiresi opanda manja ali njenjenje milomo itachita kuuma, komanso miyezi imeneyi ikamakwana hafu faifi dzuwa limakhala likulowa, pomwe ife pulogalamu yolembedwa 1 koloko timayamba 3. Ogasiti ndi Seputembala ndi mphepo ndi fumbi. Okutobala ndi ng'anjo, keke ya kirimu imayamba kutsetsereka isanadulidwe, ndipo agogo omwe mwawatenga kumudzi mwawakhazika kumapeto kwa tenti komwe mthunzi unathawa kalekale, akudzikupiza ndi pepala la pulogalamu.

Mphepoyo musaiderere makamaka pa perekaniperekani. Ndinaona ndi maso angawa pa ukwati wina, MC waitana akuchimuna, nyimbo yagwira, anthu akuponya ma K200 ndi ma K500 m'mwamba monga mwa nthawi zonse, kamvuluvulu anangodutsa pakatikati nkunyamula ndalama zija kukazimwaza kutsidya kwa hedge. Ana omwe amaonerera chapatali anathamangira komweko, atsikana otolera ndalama ali pambuyo pawo ndi mabeseni atavula nsapato zazitali zija, makashiya nawo agwira matebulo ndi zigongono kuti zotsalazo zisauluke. Palibe anadziwa kuti zapita zingati. Panja ndalama iziikidwa m'dengu kapena m'beseni lakuya, kaya MC anene nambala ya Airtel Money kapena Mpamba kwa ofuna kutumiza, kusiyana nkuti ndalama zizipondedwa m'fumbi, a Reserve Bank akhala akudandaula kalekale za mmene timaonongera ndalama pa maukwati.

Za chimbudzi anthu amachita manyazi kuzikamba pa miting'i ya komiti koma ndi zofunika kuposa mtundu wa maluwa. Anthu mahandiredi amwa fanta ndi thobwa tsiku lonse, apita kuti? Ngati pamalopo pali chimbudzi chimodzi chopanda madzi ndiye kuti mayankho ake ndi kuseri kwa mitengo, ndipo mawa lake anthu obwera kudzapuma ndi ana awo ndi omwe akumane nazo. Kapitenitu mukaone nokha sabata isanakwane, ngati nkosakwanira pangani hayala zimbudzi zoyenda nazo zija.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi zomwe zimatsala ukwati ukatha. Tadutsani pamalo oterewa Lamulungu m'mawa muone, mbale za take away, mafupa a nkhuku, majumbo, mabotolo, tizitsulo ta pa fanta, kapinga atafa pomwe panaima jenereta chifukwa cha oilo, matayala a lole atakumba migula. Akwati ali ku nyanja ku honeymoon, komiti inabalalika usiku womwewo ikangogawana zotsala za keke. Paki ndi ya tonse, ya wophunzira amene akuwerengera mayeso pansi pa mtengo, ya mayi amene alibe bwalo kunyumba kwake ku Mtandire kapena ku Ndirande loti ana akasewerepo. Ngakhale tsiku la ukwatilo simungawathamangitse anthu amenewa ngati kuti mwagula malo onse, ndipo masipika asamakhale ofika mpaka ku maofesi ndi ku nyumba za anthu.

A khonsolo ndi oyang'anira magadeni nawonso atithandize. Ikani chikwangwani pa geti kapena pa tsamba lanu la Facebook chonena mtengo, anthu angati akuloledwa, nyimbo zithe nthawi yanji, ndi ofesi yokalipirako, kuti anthu asamalipire m'thumba mwa munthu. Muzitenganso dipoziti yoti komiti idzabwezeredwe pokhapokha mwayendera nkuona kuti asesa ndipo zinyalala anyamula, muona mmene a tcheya a komiti angagwirire tsache okha. Ndipo ndalama za maukwatizo tizizionako ntchito yake, mipopi ituluke madzi, mabini akhalepo, mabenchi othyoka akonzedwe. Malo ngati Njamba ku Blantyre, pomwe Papa John Paul II anachitira misa mu 1989, ndi aakulu moti mbali ina itakonzedwa bwino, ya mthunzi ndi zimbudzi zake, mabanja ambiri a ku Chitawira, Naperi ndi Zingwangwa bwenzi akupangira pomwepo osavutika ndi thiransipoti.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe