Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: mankhwala a bipolar sadukizidwa

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu wathu. Ndife anthu osamalira odwala matenda a maganizo otchedwa bipolar, ndipo ena mwa odwalawo timagwira nawo ntchito m'magulu omenyera ufulu wa anthu. Talemba poyera chifukwa nkhaniyi yakambidwa kale m'misonkhano yambiri, koma mankhwala akuthabe m'zipatala.

Matendawa ali ndi nyengo ziwiri. Ina munthu amakwera: amagona maola awiri kapena atatu osatopa, amalankhula mosalekeza, ndalama amamwaza. Ina amagwa, kutha milungu osafuna kudzuka, mpaka kulingalira zodzipha. Pakati pake amakhala bwinobwino, ngakhale zaka zambiri, bola mankhwala asadukize.

Taganizirani mayi wotsogolera gulu lolimbana ndi maukwati a ana m'dera la kwawo. Wakhala zaka zitatu osadwala. Tsiku lotenga mankhwala lafika, walipira kabaza ndi minibasi, pawindo amuuza kuti atha, akagule. Ndalama yapita ku ulendo. Mapiritsi otsala ayamba kuwadula pakati, kenako atheratu. Choyamba kuchoka ndi tulo, ndipo ngozi yake ili apa: anzake a m'gulu saona matenda, amaona khama. Amamuyamikira kuti akulemba madandaulo usiku wonse, akuyenda midzi inayi tsiku limodzi. Pakapita milungu ingapo watukwana mfumu pabwalo, walonjeza makolo ndalama za sukulu zimene gulu lilibe, wagona m'chitokosi kapena wamangidwa ndi nsalu n'kukwezedwa galimoto ya ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba. Akachira n'kubwerera, chilichonse chimene anganene amachiyankha ndi mawu amodzi: wamisala uja. Atsikana amene ankawateteza akwatiwa ndithu, ndipo chiyambi cha zonsezi ndi botolo limodzi losowa pashelefu.

Mwina akuuzani kuti mtundu umodzi ukatha odwala amapatsidwa wina. A Nduna, awa si panado ndi asipirini. Uliwonse uli ndi msampha wake.

Carbamazepine amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena. Mayi amene ali pa mapiritsi olera kapena kulera kwa pamkono akhoza kutenga mimba akuganiza kuti ndi wotetezeka. Ayenera kusamutsidwira ku lupu kapena jakisoni wa Depo. Yemwe ali pa ma ARV a TLD, dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala atatu a m'piritsilo, amachepa m'magazi, choncho amafunika piritsi lina la dolutegravir la 50 mg patatha maola 12. Izi zikaiwalika, kachilombo kamapeza mpata. Tikufunsa: ndi angati a pawindo la mankhwala a maganizo amene amatsegula buku la kuchipatala kuona zimene wodwala akutenga ku ART?

Sodium valproate ndi woopsa kwa mwana wa m'mimba. Mwa ana 10 obadwa kwa amayi omwa mankhwalawa ali oyembekezera, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema, ndipo atatu kapena anayi amavutika pa kakulidwe ndi kaphunziridwe. Kumupatsa mayi wa msinkhu wobereka valproate chifukwa choti ndi yekhayo watsala, osamufotokozera, osakambirana za kulera, n'kulakwa kwakukulu.

Lithium ndiye wodziwika kuti amachepetsa ngozi yodzipha, koma amafuna labotale. Magazi amatengedwa maola 12 chimwere, patatha pafupifupi mlungu mlingo ukasinthidwa, kenako miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse. Mlingo wabwino wa m'magazi ndi wa pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol/L, kupitirira 1.5 ndi poizoni: kunjenjemera kwambiri, kudzandira ngati woledzera, kusanza, kusokonezeka mutu. Impso ndi chithokomiro ziyezedwe kawiri pachaka. Womenyera ufulu woyenda pa zionetsero padzuwa la Okutobala osamwa madzi, madzulo n'kumwa ibuprofen kapena diclofenac chifukwa miyendo ikuwawa, wakweza lithium m'magazi osadziwa. Kusiya lithium mwadzidzidzi nakonso kumabweretsa matenda msanga. Popanda choyezera madokotala amaopa kumulemba, ndipo sitingawadzudzule.

Zina tingozitchula mothamanga. Wodwala akafika ali m'nyengo yakugwa, wachipatala wosafunsa za nyengo yokwera amamupatsa mankhwala a kukhumudwa okha, monga amitriptyline kapena fluoxetine, zimene zingamukankhire m'mwamba. Haloperidol, wotsitsa munthu akakwera, amaperekedwa, koma benzhexol wothetsa kuuma kwa khosi ndi nsagwada kobwera ndi haloperidolyo akasowa, wodwala amathawa mankhwala onse. Womangidwa pa zionetsero angathe kukhala maola 48 asanaonekere m'khoti, osagona, mapiritsi ali kunyumba. Wa ku Chitipa kapena Nsanje, akatswiri ali kutali, ku Zomba, Blantyre, Lilongwe kapena ku St John of God ku Mzuzu.

Malonjezo sitisowa. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa anagwirizana zopereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Mu 2009 Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, lomwe likukhudzanso odwala maganizo. Lamulo la atsamunda la 1948 linalamulira odwalawa zaka zoposa 70. Pa 10 Okutobala chaka chilichonse, tsiku loganizira za umoyo wa maganizo padziko lonse, pamakhala matisheti ndi zolankhula zokoma. Tikudziwa kuti ndalama zakunja zogulira mankhwala n'zovuta, ndipo vutoli simunaliyambitse ndinu. Koma dziko lomweli limatha kupatsa munthu ma ARV a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, n'kumulondola akajomba. Nzeru yake ilipo kale mu unduna wanu.

Tikupempha izi. Lamulani kuti chipatala chachikulu cha m'boma lililonse chizisunga carbamazepine, valproate, haloperidol ndi benzhexol okwana miyezi itatu, ndipo Central Medical Stores Trust, yomwe imagula ndi kugawa mankhwala m'zipatala za boma, izilengeza mwezi ndi mwezi pamene atha. Wodwala amene wakhala chaka ali bwino azipatsidwa a miyezi itatu. Zipatala zinayi zazikulu, Queen Elizabeth, Zomba, Kamuzu ndi Mzuzu, zikhale ndi lithium pamodzi ndi choyezera chake, magazi a m'maboma azitumizidwa pa njinga zamoto zonyamula kale magazi oyezera kuchuluka kwa kachilombo ka HIV. Pasakhale kusintha mankhwala popanda kufunsa za mimba, kulera ndi ma ARV, ndipo yankho lilembedwe m'buku la wodwala. Mukambirane ndi nduna yoona za apolisi kuti womangidwa akanena kuti ali pa mankhwalawa, achibale aloledwe kumubweretsera tsiku lomwelo.

Yankho lanu tikufuna tidzalimve m'Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti ikubwerayi, ndi chiwerengero cha ndalama za mankhwala a maganizo chili pa mzere wakewake.

Ife,
Osamalira odwala matenda a bipolar ndi anzawo a m'magulu omenyera ufulu